Sitima Yoswa Ayezi ya a Msukwa

Ku Misuku konse kunalibe munthu woopa madzi ngati malemu a Frackson Msukwa, komabe m'mapiri onse aja ndi iwo okha amene anapangapo sitima yapamadzi.

Kamtsinje kamene ana a sukulu ankadumpha atanyamula mabuku, iwo ankakazungulira mpaka kumene kamayambira. Posamba ankathira madzi olekeza m'kakolo, chitseko cha bafa n'kuchisiya chotsekula pang'ono kuti china chikachitika anthu amve. Ulendo umodzi umene anapita ku Karonga, kumaliro, anakhala chofulatira nyanja mpaka galimoto yobwerera inafika.

"Munaiona nyanja?" anawafunsa akazi awo, mayi Eunice.

"Ndinaimva. Zinakwanira."

Za sitima zinayamba ndi kalendala. Wogula khofi wina wochokera kumayiko ozizira anaisiya kumalo osendera khofi, ndipo chaka chitatha alimi anagawana mapepala ake. A Frackson anabwera kunyumba ndi limodzi. Panali sitima yaikulu pakati pa nyanja youma gwa, yoyera ngati ufa, ndipo pambali pake panaima munthu, pamwamba pa madzi penipeni, manja ali m'thumba.

"Anyina Tawonga," anaitana akazi awo ndi dzina la mwana wawo, "taonani. Nyanja yoti munthu n'kuyendapo. Nyanja yaulemu ndi imeneyi."

"Nanga sitimayo ikutani?"

"Ikuiswa kuti idutse."

"Ndiye mukuikonderanji, poti ikuwononga nyanja yanu yaulemuyo?"

A Frackson anayang'ananso chithunzicho. "Ili pa ntchito," anatero. "Tisaisokoneze."

Anayamba kupanga yawo mlungu womwewo. Muyeso anautenga pa munthu wa manja m'thumba uja: munthu mmodzi, njere imodzi ya khofi. Chilichonse cha pachithunzi ankachiyeza ndi njere, mpaka anapeza kuti sitima yawo italike kuyambira pachigongono kufika kunsonga ya chala. Thupi lake analisema pa thabwa la paini. Zina zonse zinachokera m'nyumba ya mayi Eunice. Ambulera inasowa mawaya, wailesi inasowa mlongoti, ndipo chikombe chachikulu chinapezeka pakhonde, a Frackson akuchiyang'ana chakumbuyo ngati akuwerenga nyimbo.

"Mphuno yake iyenera kukhala chonchi," anawauza. "Sitima iyi sigunda ayezi ngati nkhunzi. Imakwera pamwamba pake, ndiye kulemera kwake n'kumene kumaswa. Monga mmene a Davison anathyolera benchi ya kutsogolo."

A Davison Kayira anali mkulu wa mpingo, munthu wathupi, ndipo benchiyo inathyokadi. Pofuna kulemerako, a Frackson anatolera mabawuti a makina akale osendera khofi n'kuwadzaza m'mimba mwa sitima, pansi pa kathabwa kotsekula. Ukainyamula unkaimva m'phewa.

Mpaka pamenepo anthu ankangoseka. Mantha anabwera ndi penti.

Pansi pa sitima pankafunika pofiira, ndipo a Frackson anakapeza kuboma penti yofiira kwambiri, yosachoka ndi sopo. Burashi anapanga ndi ubweya wa kumchira wa mbuzi. Mzere wolekanitsa pofiira ndi pakuda anaulemba, kuufufuta, kuulembanso, mpaka mbuzi inayamba kuthawa ikawaona. Lamulungu analowa m'tchalitchi zikhadabo zili psuu, ndipo pogwirana chanza anthu ambiri anapezeka kuti manja awo ali ndi mabuku. Kenako anasema tianthu ta m'sitimamo, kalikonse ngati njere ya khofi. Mayi wina wodutsa pakhonde anayang'anitsitsa kamodzi, n'kukauza anzake kuti kali ndi mutu wa malemu a Silungwe.

Kenako, khofi atangobereka, kunagwa matalala. Anagwa masana, akuluakulu ngati mazira a nkhunda, ndipo atasiya njere zosakhwima zinali mbwee pansi m'minda yonse ya kumtunda. Munda wa a Msukwa unali pansi pa nthochi ndi mitengo imene a Frackson anachita ulesi kudulira, choncho unangokhudzidwa pang'ono.

Mayi Eunice anazindikira kaye kuchitsime. Akafika, nkhani zinkatha. Akapereka moni, "yewo" yake inkabwera yowuma, maso ali pa ndowa. Tsiku lina mwala unagwa padenga dzuwa lili pamutu, kunja kulibe munthu. Iwo anali atakula mokwanira kukumbukira nkhalamba ina ya kutsidya kwa phiri imene anthu anaiganizira kuti ikumanga mvula. Nyumba yake inapsa, ndipo mwini wake anakafera kwa achibale, kutali. Pamalo pake mpaka lero pamamera udzu okha. Mayi Eunice anayamba kuchapa zovala zabwino n'kuzisunga m'thumba limodzi pafupi ndi chitseko.

"Awiske Tawonga, chiwotcheni chinthuchi," anauza amuna awo.

"Ndiwotche? Sindinalembe n'komwe manambala a m'mbali."

"Anthu akuti ayezi wanu ndi amene wagwa kumwamba."

"Ayezi wanga uti? Ine ndilibe ngakhale firiji."

A Davison anabwera Lachisanu, atavala jekete, amuna ena akuwatsatira chapatali. Anakana mpando.

"Monire, a Msukwa. Ife sitikhulupirira zamizimu, inu mukudziwa. Koma anthu ali ndi mafunso. Chinthuchi chimatani?"

"Chimaswa ayezi."

Amuna aja anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Mwachiyesapo?"

"Ayi, ayezi ndimutenga kuti? Koma chimaswa. Ndikhoza kukuonetsani."

Anagwirizana kuti mayi Daphne a kugolosale aike beseni lochapira m'firiji yawo yaikulu ya sola, ndipo madzi akaundana pamwamba, onse adzaone. A Frackson anawaperekeza alendowo akumwetulira, poganiza kuti tsopano ntchito yawo yapeza oyamikira. Mayi Eunice anali kuseri kwa nyumba pamene gululo linkadutsa, ndipo anamva mmodzi akufunsa kuti, "Nanga chikaswa?" A Davison anayankha motsitsa mawu: "Chikaswa ndiye kuti chili ndi mphamvu pa ayezi. Pamenepo ine sinditha kukuletsani."

M'mawa wa tsikulo a Frackson anapita kukasamba madzi awo a m'kakolo. Mayi Eunice anatsekula kathabwa kaja n'kutulutsa mabawuti onse, limodzilimodzi kuti asalire. Anawakwirira m'chitini cha nyemba. Atatseka kathabwako anapukuta pamene zala zinagwira.

A Frackson anatuluka atavala malaya oyera. Anawerama, anainyamula sitima, ndipo inakwera msanga kuposa mmene mkono unkayembekezera. Anaima chilili. Anayang'ana sitima, anayang'ana akazi awo, kenako thumba la zovala pafupi ndi chitseko, limene mwina anali asanalione. Mayi Eunice anadikira funso.

"Tiyeni," anatero a Frackson. "Ayezi asungunuka."

Pagolosale panali anthu ngati tsiku la msika, koma opanda phokoso. Amayi anagwira ana awo pamapewa. Wina anali ndi chigubu cha palafini chimene sanachibise bwino. Beseni linaikidwa pansi, likutuluka utsi wozizira, ndipo mayi Daphne anaboola ayezi mbali imodzi ndi mpeni kuti sitima ipeze poyambira. A Frackson anagwada chapatali ndithu ndi beseni, monga mwa chikhalidwe chawo, n'kutambasula mkono.

Sitima inayandama pamwamba kwambiri, mimba yofiira yonse ili poyera. Anaikankha. Mphuno ya chikombe ija inakwera pa ayezi bwinobwino, ndipo anthu anagwira mpweya. Inakhala pamenepo. Ayezi sanalire n'komwe. Anaikankhanso, ndipo yonse inakwera, inatsetsereka ngati bakha pa simenti yonyowa, inagunda m'mphepete mwa beseni n'kugona chammbali. Kamunthu ka mutu wa a Silungwe kanagubuduka, nkhuku ya mayi Daphne n'kukatola, n'kuthawa nako.

Woyamba kuseka anali a Davison. Anayesa kutseka pakamwa ndi chipewa, koma mimba inawaulula, ndipo gulu lonse linatsatira.

"A Msukwa, chimenechi n'chimene tinkalephera nacho tulo?"

"Ngakhale dzira sichingaswe."

"Matalala akanachiona akanabwerera kumwamba ndi chisoni."

Wa palafini uja anapezeka akufotokozera anthu kuti anagulira nyale. A Frackson anatola sitima yawo, anaipukuta ndi malaya oyera aja, n'kunena mwaulemu kuti mwina analakwitsa muyeso wa njere. Kuyambira tsikulo dzina lawo linakhala Kaputeni. Ana ankawachitira sawatcha akamazungulira kamtsinje kaja, iwo n'kumabweza mosakwiya.

Anakhala zaka zingapo pambuyo pake. Manambala a m'mbali anawalemba, kamunthu kena anasema, mzere uja anaukonzanso. Za mabawuti sanafunsepo. Koma nthawi zina, pa chakudya, ankatafuna pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Nyemba za chaka chino zikumveka chitsulo, anyina Tawonga." Mayi Eunice ankayankha kuti ndi nthaka.

A Frackson anamwalira ndi chifuwa m'nyengo yozizira, pabedi pawo, pouma. Pamaliro a Davison, amene anali atakalamba, ananena kuti malemu anali munthu wosavulaza ngakhale ayezi, ndipo anthu anaseka akupukuta m'maso. Zoyamikira zambiri eni ake sakanazikonda, choncho tisawonjezerepo.

Pakhonde paja tsopano pali zii. Fungo la penti linatha, mbuzi zili ndi michira yathunthu, ndipo kanjira kozungulira kamtsinje kanamera thengo chifukwa palibenso woyendamo. Matalala akagwa anthu amangoti ndi nyengo, n'kuyamba kutola khofi wawo, ndipo zimaoneka ngati akusowa woti amuyang'ane.

Matalala anagwanso chaka chathachi, ambiri ndithu. Mayi Eunice anawawola pabwalo ndi tsache n'kuwathira m'beseni la madzi, mpaka anagwirana pamwamba ngati chikhokho. Anakhuthula chitini cha nyemba, anabwezera mabawuti onse m'malo mwake, n'kunyamula sitima ndi manja awiri. Asanaiike anakatseka chitseko ndi zenera, popeza anthu a kuno amawadziwa.

Anaikankha pang'ono. Mphuno inakwera, inaima kaye ngati ikuganiza, kenako pansi panamveka kuphwanyika, ndipo sitima inatsika n'kudutsa, njira yamadzi ikutseguka kumbuyo kwake mpaka kutsidya kwa beseni.

"Muyeso unali bwino, awiske Tawonga," anatero mayi Eunice. Anaitulutsa, anaipukuta ndi chitenje, n'kutaya madziwo kuseri kwa nyumba kusanabwere munthu.