Limba la kumanda kwa a Chikopa

Nkhani iyi mkazi wanga saidziwa, ndipo ndikuilemba mtima uli phaphapha.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 ndinkaphunzitsa pasukulu ina m'chigwa cha Domasi. Mzungu amene tinkaphunzitsa naye, pobwerera kwawo, anandisiyira galamafoni ya mabatire ndi mbale ya nyimbo imodzi yokha. Mbaleyo inandipengetsa mutu. Nyimbo imodzi inkadzaza mbali yonse. Inkayamba ndi mphepo ndi kabelu kakutali, kenako magitala n'kuyamba kukangana ngati amayi pachitsime, woimba ng'oma akuchita ngati ali ndi manja asanu. Ndiye mwadzidzidzi zonse zii, n'kutulukira limba lalikulu la m'tchalitchi, mawu a anthu akukwera pamwamba pake mpaka tsitsi kuima. Mawu ake sindinkawamva (Chingerezi ndinkaphunzitsa ndithu, koma icho chinali china), komabe ndinkalira. Tsiku silinkatha ndisanaimve.

Nthawi imeneyo ndinali nditafunsira mbeta Esinati, mwana wa a Chikopa, mkulu wa mpingo amene ankaliza kalimba kopopa ndi mapazi kutchalitchi kwathu. Ukwati utatsala miyezi iwiri, a Chikopa anamwalira.

Mukudziwa kuti mudzi ukagwa maliro, ngakhale likhweru saimba. Ine, mkamwini woyembekezera, ndinkayenera kuoneka pasiwa, ndikuwaza nkhuni, nkhope ili gwa. Ndinapirira masiku awiri. Tsiku lachitatu anati mwambo uchedwa, akudikira mlongo wa malemu wochokera ku Blantyre. Satana anandinong'oneza kuti mbali imodzi yokha siingaphe munthu.

Ndinazemba masana, ndinakulunga galamafoni m'bulangete, n'kulowera kuphiri. Kunali chiperoni, nkhungu itatsika kuchokera ku Malosa moti mtengo unkauona utaugunda kale. Ndinayenda mpaka ndinapeza khwawa lakuya, ndinati kuno kulibe khutu la munthu. Mudziwo sunali wathu, ine kwathu ndi ku Naisi. Sindinadziwe kuti ndazungulira, ndipo mitengo ikuluikulu ya pamwamba pa khwawalo ndiyo manda.

Sindinadziwenso kuti mlongo uja anali atafika kale.

Ndinatsitsa singano. Mphepo, kabelu, magitala aja. Ndinatseka maso. Limba litangoyamba, ndinamva nyimbo ina ikubwera m'nkhungumo, yapang'onopang'ono, ya anthu ambiri. Mbale iyi ndinkaidziwa ngati dzina langa, ndipo munalibe nyimbo ya Chichewa. Ndinati basi, a Chikopa andilondola.

Nyimbo ija inaduka pakati. Kunatsala limba langa lokha, likudzaza khwawa lonse, miyala ikubweza mawu. Kenako pamwamba pa mutu wanga ndinamva munthu akunong'ona.

"Abusa, mukumva zimene ndikumvazi?"

"Ndikumva. Khalani chete."

"Zikuchokera pansitu, abusa."

Apa mwina mukuti ndikanangochotsa singano. Dzanja linakana. Ndipo mabatire, amene ndinali nditawakama mwezi wathunthu, anasankha nthawi yomweyo kufooka. Mawu onga a angelo aja anayamba kutsika, kukoka, mpaka anasanduka kubuula kwa chinthu chachikulu chimene chikutembenuka m'nthaka. Ineyo mwini galamafoni ndinachita mantha. Kumtunda ndinamva makasu akugwa, mapazi akuthawa, mwana akulira. Kenako mbale inaima yokha.

M'chetemo munamveka mawu a mayi Chikopa, amasiye, osanjenjemera n'komwe.

"Musathawe, anthuni. Amenewo ndi bambo a Esinati. Awapatsa limba lalikulu."

Ndinagona chafufumimba m'matope mpaka anthu onse atabalalika. Pofika pasiwa, matope aja anandipulumutsa, chifukwa aliyense anaganiza kuti ndinali pamodzi ndi adzukulu okumba manda. Esinati anandigwira dzanja, maso ali psuu.

"Aphunzitsi, munamva? Ababa afika bwino."

Pakamwa panga panali poti ndiulule. Koma ndikanati chiyani? Kuti pamene ankanyamula bambo ake ine ndinali m'khwawa kumvera magitala? Ukwati ukanathera pomwepo. Ndinangoti, "Ndinamva."

Ukwati unachitika. Mbale ija ndinaikwirira pansi pa sutikesi, chifukwa m'mudzi monse munalibe munthu amene akanalephera kuizindikira. Apongozi anga, mayi Chikopa, ankang'ung'udza kachigawo ka limba kaja akupeta chimanga, osaphonya ngakhale pamodzi (khutu linali labwino banja limenelo), ine n'kumatuluka thukuta. Abusa analalikira za nkhaniyi kangapo. Anthu ankabwera kuchokera kutali kudzaona manda a munthu amene kumwamba kunamuimbira.

Patapita zaka ziwiri apongozi aja anamwalira. Ndinanyamula nawo bokosi. Titafika kumanda, abusa atatseka buku, palibe amene anagwira khasu. Khamu lonse linangoima, makutu ali tcheru, kuyang'ana kukhwawa kuja. Tinadikira. Kunalira njiwa basi. Ndinaona amayi awiri akuyang'anana, wina n'kupinda mlomo, ndipo ndinadziwa zimene zikakambidwe kumtondo mawa lake: mayi woopa Mulungu chotere, analakwanji mseri?

Pobwerera Esinati anatsalira m'mbuyo, akulira mosatulutsa mawu.

"Bambo a mwana, amayi anga anachimwa chiyani? Bwanji iwo sanawaimbire?"

Ndinamuuza kuti mwina mphepo inalowera kwina. Sanandikhulupirire, ndipo mpaka lero akakumbukira amayi ake amayamba wausa moyo. Chimene chimandipweteka n'chakuti mabatire atsopano ndinali nawo m'nyumba tsiku limenelo, ndipo njira ya kukhwawa ndinkaidziwa. Bodza langa linaimbira a Chikopa okha, akazi awo n'kuwasiya apite chete.