Zikomo Chifukwa cha Loko Wotsegulira Aliyense

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Tsekani Mugone.

Bwana,

Ine ndine Eleanor Kamtedza, wosunga shedi ya fodya ya kalabu yathu kuno ku Nachisaka. Pepani kuti mayi wolekeza sitandade 8 ndikulembera anthu ophunzira, koma kuthokoza kwandisefukira.

Choyamba, zikomo chifukwa cha loko wopanda kiyi amene munatigulitsa. Munati kachipangizo ka m'kati mwake kamasankha nambala yachinsinsi mwamaere n'kuuza foni yanga yokha, moti ngakhale inuyo simungailote. Kiyi wakale, amene ndinasunga zaka zisanu ndi ziwiri osasowetsa ngakhale tsamba limodzi, tinamutaya ngati chinthu chachimidzi.

Chachiwiri, zikomo chifukwa chosakondera. A Felton, aphunzitsi a sayansi ku Chezi, ayesa maloko anu asanu. Apeza kuti batire ikatha n'kuyakanso, onse amasankha nambala imodzimodzi. Akuti ndi maere a m'chipewa momwe muli kapepala kamodzi. Kuno mitambo ikakuta mapiri sola wotchajira loko sakoka moto, ndiye batire imatha sabata ndi sabata. Lero foni ya aliyense amene anagula loko wanu, kuyambira ku Dzoole mpaka ku Ntchisi, ikutsegula shedi yathu. Umodzi umene abusa akhala akulalikira osatheka, inu mwaukwanitsa nyengo imodzi.

Chachitatu, mabelo awiri asowa. Loko wanu, mokhulupirika, analemba kuti anatsegulidwa ndi nambala yoyenera, ndipo kabuku kanu ka malangizo a lokoyo kamati nambalayo ili ndi ine ndekha. Loweruka ndikaonekera pamaso pa akulu a mpingo kukayankha mlandu wakuba mabelowo. Akandipeza wolakwa andiimitsa mgonero, bulauzi yoyera ya Mvano ndivula. Ndili ndi mantha, Bwana, ndipo manyazi andigwira. Amayi anzanga akandiona pachigayo amayamba kumangitsa matumba awo.

Titaimba foni ku ofesi kwanu anatiuza kuti vutoli n'laling'ono, lidzakonzedwa m'maloko a chaka chamawa. Ndawakondwerera kwambiri a chaka chamawawo.

Pempho langa n'lochepa. Bwerani Lowerukali mudzauze akulu a mpingo zimene a Felton apeza, poti mawu a munthu wa taye amamveka msanga. Ngati ntchito yakuchulukirani, ingotiuzani komwe mumakhala. Sindikayika kuti pakhomo panu mumatsekera loko yemweyu, popeza mumamukhulupirira. Tidzabwera kalabu yonse kudzakutengani, ndipo musadzavutike n'kutitsegulira.

Ine wanu wogwada pansi,
Eleanor Kamtedza