Makwerero Khumi a Kayankhulidwe

Lolemba, 11 Malichi 1974

Mvula kuyambira 5 koloko mpaka 9 koloko. Tiyi wonyowa, madengu olemera.

A Nakhumwa, kalaliki wamkulu wa pa esiteti, akundiitanira kuseri kwa shedi yomwe ndimayezera tiyi. Akuti gulu la 4 lilibe kapitawo, ndipo bwana manijala akuganizira anthu awiri: ine ndi a Likoswe. Kapitawo amapatsidwa nyumba ya kampani. Ya malata! Zipinda ziwiri, khitchini yapadera. Ine zaka zisanu ndi zitatu ndi miyezi inayi ndili pa chikamwini kwa apongozi. Sindikudandaula. Ndikungowerenga.

Akundionetsa kapepala kamene bwana walemba za ine. Mawu atatu: Honest. Careful. Mumbles. Awiri oyambawo ndinawaphunzira ku Sitandade 6. Lachitatulo ayi.

A Nakhumwa: “Akuti mumameza mawu, achimwene. Kapitawo amaitana mayina m’mawa. Loweruka bwana adzaima pagalimoto yake kumsewu, inu mudzaitane gulu lonse. Akakumvani, nyumba ndi yanu.”

Madzulo kwa aphunzitsi a Muhiwa kukabwereka dikishonale. Masamba 1,012, chikuto chinadyedwa ndi chiswe. Ambuye! Ine ndimayesa Azungu ali ndi speak ndi talk basi! Tikufufuza awiri, ndipo ndikuwasanja ngati makwerero:

1. whisper: mpweya wokha, khosi lili phee
2. murmur: motsitsa, mofewa, ngati mtsinje uli patali
3. mumble: milomo yosatseguka. Ine.
4. mutter: motsitsa, koma uli ndi chodandaula
5. speak: ngati munthu wina aliyense
6. announce: kuuza gulu, utaimirira
7. shout: kufuula
8. yell: kufuula kwa munthu amene waponda njoka
9. bellow: ng’ombe yamphongo
10. roar: mkango

2, 3 ndi 4 zili pafupipafupi ngati zala, koma chilichonse ndi dzina lakelake. Anakhala pansi ndani kumvetsera zonsezi?

Ndili pa 3. Ndikufuna 7. Kuchotsera, yankho 4. Masiku otsala Loweruka lisanafike, 4. Khwerero limodzi patsiku. Zikugwirizana ndendende!

Lachiwiri, 12 Malichi

Kuchokera pabwalo loitanira mayina kufika pamene galimoto ya bwana imaima: mapazi 85. Ndayeza kawiri.

Lero mutter. Vuto: pamafunika chodandaula. Ndaganiza tsiku lonse, ndasankha mvula, chifukwa mvula ilibe abale.

Poweruka ndikuyenda mumsewu ndikuyeserera: “Mvula iyi yanyanya, zinthu sizikuyenda, sizikuyenda…” Kumbuyo kwanga kuli a tcheyamani a nthambi ya chipani, akukankha njinga. Sindinawaone.

“Sizikuyenda ndi ziti, bambo? M’dziko muno zonse zikuyenda.”

Khadi la chipani ndaonetsa. La chaka chatha ndaonetsanso. Kenaka dikishonale. Akufunsa ngati bukulo ndi lololedwa. Ndikuwawerengera tanthauzo la mutter, ndikuwamasulira pang’onopang’ono. Akuyang’ana bukulo ngati lili ndi maso.

“Ndiye kuti Azunguwo zimenezi anazipatsa dzina? Tandilemberani pakapepala.”

Ndawalembera. Apinda, aika m’thumba la malaya. Zonse pamodzi, mphindi 40.

Khwerero la 4 si lopondapo. Mawa ndilumpha.

Lachitatu, 13 Malichi

Speak. Aphunzitsi akuti pakamwa pazitseguka mpata wa zala ziwiri. Ndayeza ndi zala zanga.

Ndafika pakhomo 5:20, ndaima mowongoka: “Esinati, madzi osamba!”

Mkazi wanga wagwetsa lichero la makaka. Wabwera pafupi, wandinunkhiza kukamwa.

Patapita mphindi khumi wapita kuseri kwa mpanda kwa amayi ake, wabwerako ndi uthenga: apongozi akufunsa ngati kuli kofunika kuitana ankhoswe.

Umu ndi mmene timayankhulirana ndi apongozi. Iwo amauza Esinati, Esinati amauza ine. Tikakumana m’njira, iwo amapatukira m’udzu, ine m’chinangwa. Zaka zonsezi sitinayang’anizane. Dzina lawo ndimalidziwa, koma silinatulukepo pakamwa panga.

Ndikumuonetsa Esinati makwerero kuti amvetse. Sakudabwa n’komwe. “Khumi okha? Nanga ife? Kunong’ona, kung’ung’udza, kunyinyirika, kulongolola, kulalata, kukalipa, kuzazira, kukuwa, kufuula, kubwetuka, kubwebweta. Inuyo mwayamba chomalizachi.”

Ndawerenga pa zala: 11! Ndipo ananena akutola makaka pansi, osaganizira n’komwe. Tili nawo 11 ndipo palibe anawasanja m’buku! Ndawalemba kuseri kwa tsamba lino.

Koma khwerero la 5 pakhomo pano laletsedwa.

Lachinayi, 14 Malichi

Ndatsalira. Lero 5, 6 ndi 7 pamodzi, kutali ndi anthu. Njinga ya aphunzitsi, mphindi 55 mpaka kunsi kwa phiri la Chambe.

Thanthwe lija ukaima pansi pake chipewa chimagwa. Ndikudziona ngati nyerere. Ndayeza mapazi 85, ndatembenuka, ndatsegula zala ziwiri. Ndikuitana mayina ongopeka: “Joni Makwinja!”

Phiri likuyankha: Makwinja… kwinja… nja!

Katatu! Mawu anga! Kuyambira kubadwa sindinawamvepo ali kunja kwa mutu wanga. Ndi aakulu ndithu. Ndaitananso. Ndaitana ka 26. Pa ka 19 ndikuganiza kuti ndinakhudza bellow.

Akutsika anthu atatu ocheka matabwa, mikungudza pamutu. Wamkulu wawo waima, thabwa lili gwedegwede.

“Akulu, kuno sitiitana mayina. Eni phiri akakuyankhani kuti ‘ndilipo’, mutani?”

Sindinaganizire zimenezo. Kubwerera, mphindi 35.

Pofika pakhomo mawu atha. Ndikati ndipereke moni, kukutuluka kaphokoso kokha. Ndatsegula dikishonale: croak, kulira kwa chule, kapena munthu wosasa mawu. Iyinso anaipatsa dzina! Anthu awa sanasiye kanthu. Pa makwerero anga palibe malo ake. Ndailemba pansi pa 1.

Lachisanu, 15 Malichi

Mankhwala a Esinati:
mandimu 3
jinja
madzi otentha amchere, kuchukucha kasanu
kukhala chete

Chomalizachi sichinandivute. Pofika masana mawu abwerera.

2 koloko a Nakhumwa akundipatsa mndandanda wa gulu la 4 kuti ndizolowere. Mayina 41. Ndikuwerenga ndi chala. 20, 21, 22.

23.

Apongozi.

Anawasamutsa kuchokera ku gulu la 2 mwezi watha. Ndinadziwa, koma sizinandilowe m’mutu. Pa sikelo sitivutika: dengu lawo amawapachikira mnzawo, ine ndimalemba nambala nditayang’ana pansi. Koma mawa ndi dzina. Lonse, loyamba ndi lomaliza, pamaso pa anthu 40, mofuula kuti limveke mapazi 85. Ngakhale m’buku muno sindilemba.

Ndapempha a Nakhumwa kuti ndidzalumphe 23. “Bwana adzakhala ndi pepala lake, azidzachonga yekha. Wosaitanidwa ndiye kuti sanabwere, tsiku lake ladulidwa. Mufuna muwadulitse apongozi anu?”

Ndafunsa ngati angamufotokozere bwana. Aseka mpaka kutsokomola. “Iye apongozi ake amawaitana dzina, amadya nawo tebulo limodzi. Ndiyambira pati?”

Tebulo limodzi!

Kwa aphunzitsi. Tafufuza ola limodzi ndi mphindi 10 mawu otanthauza kuitana munthu amene sungamutchule. Tapeza stammer, kuchita chibwibwi. Tapeza drawl, kukoka mawu ngati ulimbo. Tapeza hint, kunena mozungulira. Lomwe ndikufuna mulibe. Masamba 1,012!

Esinati akuti: “Mukaitana amayi ndi dzina pagulu, m’nyumba ya malatayo mukalowa nokha.”

Loweruka, 16 Malichi

6 koloko, kopanda mvula. Phiri lili poyera, lonse. Gulu la 4 laima ndi madengu kumsana. Galimoto ya bwana kumsewu. A Likoswe pambali, manja m’thumba.

Zala ziwiri. Nambala 1!

“Ndilipo!”

Anthu akuyang’anana. Mayi wina: “Kodi a sikelo ali ndi mawu?” Bwana wakweza dzanja, wamva! 5, 10, 15. Mbalame zikuuluka m’mitengo ya bulugamu. Ndi shout yeniyeni, nambala 7, yopanda chilema. Pa 20 ndikuona malata m’maso mwanga.

22. “Ndilipo!”

Bwalo lonse zii. Onse akudziwa.

Sindinapange chiganizo. Thupi lachita lokha. Chipewa chatsika, ndatembenukira kumbali, mawondo apinda, manja awomba kawiri. “Kaya amayi afika…”

Whisper. Mwina murmur.

Apongozi afunda chitenje kumutu, atembenuka, alowa m’mizere ya tiyi. Sakuyankha. Angayankhe bwanji?

Kumsewu hutala yalira. Bwana: “Speak up!” Ndinganene kuti inali yell.

Ndayesanso. Pakamwa patseguka, zala ziwiri zokwanira, koma mpweya wokha. Amayi a m’gulu ayamba kuyankha m’malo mwawo: “Alipo! Alipo, bwana!” Mmodzi waimba nthungululu. Bwana akuyang’ana pepala lake, akuyang’ana munthu wogwada pabwalo, akuyang’ana mayi amene akuthawira m’tiyi. Wakodola a Likoswe.

A Likoswe atenga mndandanda m’manja mwanga. Bellow kuyambira 23 mpaka 41. Alumpha 30, abwereza 36 kawiri. Bwana sanaone. Apongozi ayankha ali m’tiyi, tsiku lawo silinadulidwe.

6:25 ndili pa sikelo.

Lamulungu, 17 Malichi

Kutchalitchi. Nyimbo zitatu, ndaimba motsitsa ngati kale.

A Likoswe asamuka mawa. Apempha ndiwathandize kuwerenga mayina madzulo aliwonse mpaka azolowere. Ndavomera.

Dikishonale ndabweza. Aphunzitsi akuti tikadakhala ndi sabata ina tikadapezanso ena makumi awiri. Ndikukhulupirira. Ndinaligwira bukulo ndi manja awiri popereka.

Masana Esinati wachokera kuseri kwa mpanda, wanyamula tambala wofiira, miyendo yomanga. Wakhala pansi, wakonza chitenje, wapereka uthenga wonse mwadongosolo. Apongozi akuti m’mudzi muno simunalowepo mkamwini waulemu chotere. Akuti gulu lonse la 4 likuwachitira nsanje. Akuti munthu wotere sangamulole kukakhala kutali m’nyumba za kampani, ngakhale malo ena atapezeka. Choncho andipatsa malo oti ndimange nyumba ya njerwa, kumene kunali khola la mbuzi, moyang’anizana ndi khomo lawo.

Ndathokoza, kudzera kwa Esinati.

Tambala tadya. Anali wonona.

Njerwa zofunika, 3,200. Ndikamaumba 200 Loweruka lililonse, masabata 16. Chikombole ndibwereka kwa a Nakhumwa.