Kapasita alibe alawansi

Lolemba

Mashini osokera akana. Ndayatsa mota, ikungong'ung'udza osazungulira. Sabata ino yeniyeni!

Zimene zili patebulo:
- madiresi asanu a aperekezi, odula kale, osasoka ngakhale limodzi
- ukwati Loweruka ku Queensburgh
- mkwatibwi ndi Nomusa, mwana wa MaDlamini, eni nyumba amene ndimakhala kuseri kwawo kuno ku Sydenham, mumzinda wa Durban

Ndikalephera, ndataya kasitomala ndi chipinda chomwe.

Ndatumiza voisi kwa a Jafali, mkulu wa ku Mangochi wokonza mapampu. Akuti wafa ndi kapasita, kachitini kamene kali pambali pa mota. Akuti abwera mawa. Ndakana. Munthu uja amayamba moni ali pageti, Chichewa chokuwa, msewu wonse kumva. Ine zaka zitatu pabwalo pano ndine wa yebo ndi sharp ngati mbadwa ya kuno, kuopa kudziwika kuti ndine mlendo, palibe akudziwa kwathu. Ndikonza ndekha. Kachitini basi.

Lachiwiri

Ndatulukira nzeru: ndikaponda pedulo n'kukankha gudumu ndi dzanja, mota ikunyamuka. Ndasoka theka la diresi ndikudzitama.

Masana ndakankhira kolakwika. Mota yanyamuka chobwerera! Ulusi wapiringizana, singano yathyoka, nsalu yadyeka pachifuwa penipeni. Chinthu chamagetsi chingayende chobwerera bwanji?

A Jafali ayankha ndi voisi yaitali ngati ulaliki. Zimene ndatolapo ndi izi. Magetsi a pakhoma sayenda njira imodzi, amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi. M'mota muli makoyilo awiri. Onse akamakoka nthawi imodzi, chitsulo cha pakati sichidziwa kolowera, chimangonjenjemera. Kapasita amachititsa magetsi a koyilo yachiwiri kutsogola pang'ono, mwina kota ya ulendo, ndiye wina amakoka, mnzake n'kulandira, chinthu n'kuzungulira.

"Ngati amayi awiri osinja mtondo umodzi, achemwali. Akatsitsa misi pamodzi, iwombana."

Ndamva. Nanga bwanji sanangonena za mtondozo poyamba?

Lachitatu

Fani yanga ilinso ndi kapasita. Ndaimasula. Wake ndi wamng'ono, palembedwa 2, pomwe wakufayo palembedwa 16. Ndati ayesere kaye.

Mota yang'ung'udza momwe muja.

Ndazula pulagi, ndagwira mawaya kuti ndimchotse. Mayi wanga ine! Shoko yochokera m'chala mpaka m'mano. Pulagi ili pansi, ndikuiona ndi maso angawa, koma magetsi andimenya! Kodi amatuluka kuti?

Choipa kwambiri si shokoyo. Ndakuwa "Mayo ndafa ine!" m'Chichewa chenicheni cha ku Balaka, zenera lili pululu, MaDlamini akuyanika zovala panja. Ndaonjezera "eish" mochedwa. Sanatembenuke. Kodi sanamve, kapena amva bwinobwino?

A Jafali akuti kapasita amasunga magetsi ngakhale wazimitsa, ndiye ntchito yake. Akuti anaiwala kundiuza.

Zotsatira za lero:
- mota sikuyenda
- fani sikuyendanso, katsala kasikulu kamodzi kamene sindikudziwa kwawo
- chala chachita dzanzi
- kutentha kwa Durban kwalowa m'chipinda n'kukhala pampando

Lachinayi

Ndapita ku Cato Manor kwa munthu wophwasula mafiriji ndi makompuresa akale. Wa 16 alibe. Ali ndi wa 150, wakuda, wonenepa ngati botolo la mafuta odzola.

Ndaganiza ngati telala. Chovala chikachepa palibe chochita, koma chachikulu umabweza. Kuyambira tsiku loyamba kuphunzira ntchito anandiuza kuti siya alawansi, kansalu kotsalira kumsoko. Wa 2 anachepa, ndiye wa 150 ali ndi alawansi yokwanira mpaka ukwati wa mdzukulu wa Nomusa. Ndatenga.

Ndalumikiza, nditavala masilipasi awiriawiri. Ndayatsa. Yanyamuka yokha, mbali yoyenera, ndi mphamvu imene sindinaionepo! Ndavina. Ndajambula voisi ya kwa a Jafali yowauza kuti asavutike, ndaifufuta, ndati ndiwauza madiresi akatha.

Diresi loyamba latha. Lachiwiri lili pakati.

Fungo. Ndayamba ndanunkhiza ayironi, ili yozizira. Kenako phuu! Kachitini kaphulika, utsi wakuda watuluka pansi pa tebulo, magetsi a nyumba yonse azima. MaDlamini anali pakati pophika makeke a ukwati.

Abwera pakhomo, ayang'ana utsi, ayang'ana madiresi, andiyang'ana ine. Afunsa m'Chizulu funso limodzi lokha, loti Loweruka zitheka kodi. Ndati yebo. Mawu anatuluka ngati a mwana wa mphaka.

Lachisanu

Ndagonja. A Jafali afika atachoka kumzikiti, ku mapemphero a Juma. Ali pageti: "Odi kuno! Achemwali, mwaswera bwanji?" Agalu atatu a mumsewu ayankha ine ndisanayankhe.

Anunkhiza mota, apukusa mutu. Koyilo yachiwiri yapsa. Akuti wa 150 ndi wodzutsira kompuresa kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kenako n'kuchotsedwa, osati wokhalitsa. Wamkulu chotero amalowetsa magetsi ochuluka kwambiri m'koyilo yowonda, ndipo kutsogola kuja kumasokonekeranso. Ndawafotokozera za alawansi. Anyamula kachitini kophulikako n'kundionetsa.

"Achemwali, magetsi sabwezedwa m'chiuno."

Kenako atsegula chikwama n'kutulutsa kapasita watsopano, wa 16. Akuti wakhala m'menemo kuyambira Lolemba. Ntchito ya mphindi khumi. Sindinalire, koma ndinayang'ana kudenga kwakanthawi.

Abwereranso ndi mashini opukusa ndi dzanja a akazi awo. Dzanja lamanja likupukusa, lamanzere likuongolera. Mota tsopano ndine.

Loweruka

Madiresi anayi atha. Diresi lachisanu, lija linadyeka pachifuwa, ndabisa bala ndi duwa la nsalu, mpendero ndagwiriza ndi mapini. Zipi ndasokera mperekezi wovala diresilo ali m'katimo, tili m'takisi, dalaivala akudumpha mahampu ngati akuthamangitsidwa.

Ndamuuza zinthu zitatu:
- asawerame
- asapume kwambiri
- akamva kubaya, amwetulire

Polowa muholo, anzake anayi akuponya mwendo pamodzi, iye akutsalira theka la sitepe, akuopa mapini. Nyimbo yonse! Ine maso ali pampendero. Anthu akuimba m'manja, akuti ndi sitayilo, ena ajambula. Azakhali a mkwati afunsa chifukwa chake duwa lili pa mmodzi yekha. Ndati ndiye mtsogoleri.

Palibe chagwa. Dzanja langa lamanja silikutha kunyamula supuni.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Ndakhala ndikuyang'ana mota yakufa, pambali pake kapasita wa 16 watsopano amene alibe ntchito. A Jafali akuti kukulunganso koyilo kutenga masabata awiri.

MaDlamini abwera ndi mbale ya nyama yotsala ku ukwati. Ndaimirira, ndakonzeka kumva za chipinda. Aika mbale patebulo, akonza kukhosi, n'kunena pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani:

"Zi-ko-mo kwa-mbi-ri."

Ndabwerera pampando. Ndafunsa ngati anamva kukuwa kuja. Aseka mpaka kugwira chitseko. Akuti anadziwa sabata yoyamba yomwe. Khoma ndi lopyapyala, ndipo ine ulusi ukaduka ndimatukwana mashini m'chilankhulo changa tsiku lililonse. Mawu awiriwa anaphunzira kwa a Jafali pageti Lachisanu. Akuti ena amene amamva kwa ine anawafunsanso tanthauzo, koma mkuluyo anakana kumasulira.

Ndiye ndawotcha mota, ndapha fani, ndapukusa madiresi anayi ndi dzanja, pobisa chinthu chimene bwalo lonse lakhala likumva zaka zitatu.

Nyama ndadya ndi dzanja lamanzere. Zenera ndalisiya lotsegula.