Ndinaiwala Apongozi pa Eyapoti

Mpaka lero ndege ikamadutsa, apongozi anga amandiyang'ana, ine n'kuzolika. Lekani ndiulule.

Ndili mwana ku Chileka ndinkakhalira khosi m'mwamba, kulota zodzauluka. Kuno ku Dublin malotowo anandipeza m'gemu ya pakompyuta. Muli ndege zajeti zimene Ajeremani ankayesa kupanga nkhondo yachiwiri ili kumapeto, zina sizinanyamuke n'komwe. Yapamtima panga ndi ija yopanda mchira, mapiko okhaokha ngati mleme. Ukavala chimagalasi chake kumaso ndi zomvera m'makutu, tauni yathu ya Balbriggan yonse imasungunuka.

Tsiku lofika apongoziwo kuchokera kumudzi, mkazi wanga, namwino pachipatala cha ku Crumlin, anandisiyira ntchito imodzi yokha.

"Bambo a Tadala, amayi akutera two koloko. Chonde musachedwe, mukudziwa kuti sanakwerepo ndege."

Mayiwa ukwati wathu anauvomera monyinyirika, ati ndine wachibwana. Uwu unali mwayi wanga woti ndidziyeretse. Jekete ndinasita, nsapato ndinapolisha. Itakwana leveni ndinati ndingouluka kamodzi (kamodzi wa munthu mumamudziwa). Foni inali kuchipinda, m'thumba la jekete.

Koma abale, kumwamba kunakoma tsiku limenelo! Mitambo ili mbee pansi panga ngati thonje loyanika, dzuwa likusisita mapiko, injini zikung'ung'udza chapansipansi. Ndinabwerera kukhala mwana uja, misozi mpaka kulengeza. Injini imodzi itagwira moto ndinayambiranso. Kenaka ndinayambiranso.

Potera ndinapendekeka nayo ndege, mpando nawo n'kupendekeka, ine khu! pansi. Nditavula chimagalasi ndinaona chitenje ndi sutikesi. Dzanja langa linali litagwira mwendo wa apongozi, munthu amene mwamwambo ndimayenera kumulankhula ndili chapatali.

"Three hours!" anatero mkazi wanga, yunifolomu ili m'thupi. "Amayi akhala pa benchi three hours, mpaka mzimayi wina wa ku Zambia wawabwereka foni. Ine ndachita kuthawa pa shifiti."

Ndinagwada (sizinavute, ndinali pansi kale). "Mwayenda bwanji, amayi?"

"Ife tatera bwino, bambo," anayankha mofatsa. "Kaya inu anzathu."

Akanandikalipira bwenzi zitathera pomwepo. Manyazi anandidya miyezi itatu yonse imene anakhala nafe, ndipo gemuyo sindinaikhudze. Tsiku lobwerera ndinati aone kuti ndinasintha. Ndege yawo inali ya five koloko madzulo, ine ndinawafikitsa pa eyapoti naini koloko m'mawa.

Anayang'ana wotchi, nayang'ana ine, n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Bambo," anatero, "benchi ya kunoyi mwaikonda ndinu, koma wokhalapo ndine."