Chambo cha pa Galasi la Galimoto

Mpaka lero ndikamva fungo la chambo chowotcha, m'mimba mwanga mumayamba kubangula. Koma ndineneretu, ine sindinalakwe. Zinandilakwitsa ndi mbidzi.

Unali mwezi wa Okutobala pamene ndinanyamuka ku Dedza ndi akazi anga komanso bambo awo, kuti tikagone m'matenti kunyanja ku Salima. Apongozi angawa anakulira m'mbali mwa nyanja, ndipo chikwatirireni mwana wawo akhala akunena kuti ine nsomba ndimaidziwira m'mbale basi. Mawu amenewa ankandiwawa, ndiye ulendo uwu ndinati ndiwatseke pakamwa.

Pa Chipoka ndinasankha ndekha nsomba zinayi za chambo, zonona bwino, n'kuzimangirira pa galasi la m'mbali la galimoto monga amachitira anthu odziwa.

"Bambo a Chisomo, bwanji osaika m'bokosi la ayezimu?" anafunsa akazi anga.

"Ayezi amapha kukoma. Nsomba imafuna mphepo," ndinayankha mokweza kuti akumbuyo amve.

Apongozi anangotsokomola.

Chimene palibe anandiuza (chabwino, akazi anga ananena kawiri) n'chakuti mphepoyo imakhalapo galimoto ikamathamanga. Ine ndinakhotera kumalo osungira nyama zakutchire a Kuti kukaona nyama. Kumeneko timayenda ngati tikuperekeza maliro, kuima apa, kujambula apo. Mbidzi zinatsekereza njira, ine n'kuzimitsa injini kuti ndizijambule bwino. Maola atatu dzuwa likuswa mtengo, nsomba zili lende, ntchentche zobiriwira zikuchita msonkhano.

Titafika kunyanja n'kukhoma matenti, apongozi anadinikiza nsomba imodzi ndi chala. Chalacho chinasiya dzenje.

"Iyi yatisiya kalekale, bambo a Chisomo. Kaikwirireni."

Ndikwirire? Pamaso pa mkazi wanga? Ndinakoleza makala, n'kuthira mandimu ndi tsabola wa kambuzi wochuluka. Iwo anakagula tchipisi. Ine ndinadya ziwiri zathunthu, ndikunyambita zala (fungo ndinkalimva ndithu, koma mwamuna sauzidwa).

Kutacha, njira ya kuchimbudzi ndinali nditaipondaponda moti udzu unagona. Komabe apongozi atandifunsa mmene ndadzukira, ndinaimirira chilili.

"Bwinobwino, bambo. Chambo chija chinali cha mtundu wake."

"Tathokoza," anatero iwo.

Pobwerera anandiimitsa pa Chipoka pomwe paja. Anatsika, anasankha nsomba zawo mosafulumira, n'kuzimangirira okha pa galasi lija. Atakhala pampando anati, "Nzeru yanu ija ndi yabwino, ine ndaitengera. Koma popeza muli bwinobwino, musaime paliponse mpaka ku Dedza."

Abale, mumaudziwa msewu wa Golomoti, wokhotakhota uja wokwera phiri? Ndinaukwera thukuta lili kamukamu, mano nditaluma, ndikupemphera pakona iliyonse. Mkamwini angauze bwanji apongozi ake kuti akufuna kuthawira patchire? Akazi anga ankangoyang'ana kunja, mapewa akugwedezeka.

Sindinaime. Nsomba zawo zinafika zabwinobwino, ine n'kutsika galimoto injini ikulira, chitseko chili pululu. Ndipo pamene ndinkathamangira kuseri kwa nyumba, ndinakuwa ndithu kuti apongozi amve: "Mwaona? Ndimanena ine kuti nsomba imafuna mphepo!"