Kope Lathu Loyenda pa Njinga

Mpaka lero ndikaona munthu wonyamula kamera ndimayamba ndapemphera, kenako ndimatseka pakamwa. Nzeru imeneyi ndinaiphunzira mochedwa.

Zipani zitangochuluka, amuna anayi tinali ndi kope limodzi loyenda pa njinga. Wina ankalembamo funso, enafe n'kumayankha aliyense kwawo: a Phiri, mphunzitsi wa ku Lifuwu, a Mwale, mlangizi wa ku Chitala, a Jafali ophika pa hotela ina ku Senga Bay, ndi ine. Tinkatsutsana za Yona ndi chinsomba, za feteleza, za mavoti. Chimwalirireni mayi a kunyumba, mlendo wanga anali kopelo.

Tsiku lina kunabwera mtolankhani wa nyuzipepala ina mwa zatsopano zija (inafa chaka chisanathe, koma ine inandipeza ikadali ndi mano). Anati wamva kuti ku Salima kuli anthu oganiza. Mtima unachita kuti myaa. Ndinamupatsa tiyi m'kapu ya malemu, imene sindimwetsera munthu. Anafunsa funso limodzi, ine ndinayankha mpaka tiyi kuzizira. Kenako ndinavala jekete, anandijambula, ndipo ndinamubwereka kope lija.

M'kopemo munali tsamba limene a Jafali, pofuna kutiputa, analemba kuti amayi asamavote chifukwa amatsata nyimbo osati mfundo. Tinawatsutsa masamba anayi athunthu, iwo n'kugonja.

Nyuzipepala inatola mzere umodzi womwewo. Pamwamba inalemba kuti gulu lachinsinsi ku Salima likukana voti ya amayi. Pansi pake panali ine, m'jekete, ndikumwetulira.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi, mayi Nachisale, amene anaphika pa maliro a mkazi wanga, anandiimitsa.

“Bambo, malemu akanakhalapo mukanayankhula zimenezi?”

Ndinati sindine ndinalemba.

“Nanga jekete lija ndi la ndani?”

A Phiri ndi a Mwale anatumiza mawu akuti iwo ndi antchito a boma, ndisawatchulenso. A Jafali anabwera okha, anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati, “Wallahi achimwene, mwandisenzera mtolo. Koma zolembalemba basi.”

Kope silinabwerere. Ndinagula lina, ndinalemba funso patsamba loyamba, ndipo pansi pake mpoyera mpaka pano. Mtolankhani uja ndinamukhululukira (mwina nayenso anali ndi abwana ofuna moto). Chithunzi ndinasunga, chinatuluka bwino ndithu.

Belu la njinga likalira kumsewu ndimatulukabe. Nthawi zambiri amakhala wogulitsa usipa. Ndimagula, n'kumufunsa maganizo ake pa nkhani ya Yona.